Mnzako Akapsa Ndevu M'zimire

Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambi uwu udabadwira pamoto, pamene amuna akuluakulu ankakhala mozungulira chikuni madzulo, wina akuwotcha chimanga, wina akukoka fodya. Moto ukanyambita ndevu za mmodzi, mwini wake ndiye womaliza kudziwa, pakuti munthu saona chibwano chake. Woona ndi amene wakhala naye pafupi. Tsono makolo adati usayambe wafunsa kuti wayandikiranji moto, usayambe wakumbuka mangawa ake a chaka chatha; tambasula dzanja uzime. Chifukwa chake sadabise. Sadati uzime kuti anthu akutame. Adati uzime chifukwa nawenso uli ndi ndevu, ndipo nonse mukuotha moto umodzi.

Ana anga, mwambi uwu timaunena pamaliro ndi pabwalo la milandu, koma kumene umalemera kwambiri ndi pakati pa mayiko oyandikana. Munthu akatopa ndi mnansi wake amatha kusamuka n'kukamanga kutsidya kwa dambo. Dziko silisamuka. Malawi adzakhalabe pakati pa Mozambique, Zambia ndi Tanzania, ife titapita, inunso mutapita. Mchere, feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'zipatala zathu zimadutsa pakhomo pa eni ake zisanatipeze. Fodya, tiyi ndi shuga wathu sizifika kunyanja yamchere popanda kupempha njira. Choncho mtendere wa mnansi si nkhani yakutali yongomvera pawailesi. Ndiwo umatchula mtengo wa thumba la feteleza pa msika wa kwanu.

Malire amene timawalemekeza lerowa ndi a dzulodzuloli poyerekeza ndi maubale amene adawadula. Adalembedwa ku Ulaya: Britain ndi Germany adagwirizana zawo mu 1890, Britain ndi Portugal mu 1891. Olembawo adatsata mitsinje, nyanja ndi zitunda, eni nthaka osafunsidwa. Mzere udadutsa pakati pa Angoni a ku Ntcheu ndi a ku Angónia, Asena a ku Nsanje ndi a ku Mutarara, Alomwe a ku Mulanje ndi a ku Milange, Ayao a ku Mangochi ndi a ku Niassa, Atumbuka a ku Mzimba ndi a ku Lundazi, Ankhonde a ku Karonga ndi Anyakyusa a ku Kyela. Amene adayendapo pamsewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza akudziwa kuti pa Biriwiri ndi pa Lizulu msewu ndiwo malire. Wogulitsa mbatata ya kachewere ali dziko lina, wogula ali dziko lina, koma chinenero n'chimodzi, ndipo maliro akagwa amalira siwa imodzi.

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakakumana ku Mkaika m'boma la Katete, pamwambo wa Kulamba, kukafotokozera Kalonga Gawa Undi momwe anthu awo akukhalira. Mu 2007 atsogoleri a mayiko atatuwa, Bingu wa Mutharika, Armando Guebuza ndi Levy Mwanawasa, adakhala limodzi pamwambowo. Gule wamkulu naye adalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha mayiko onse atatu. Apao ndi mizu ya kachere, akumana pansi. Mgwirizano wa mayiko sudayambe ndi anthu a masuti m'zipinda za misonkhano. Anthu wamba adali nawo kale, maboma akungoyesa kuwapeza.

Koma si kumangidwa pamodzi kulikonse kumene kuli chibale. Ife achikulire tidaona chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene adatisenzetsa mu 1953 mafumu ndi anthu akukana. Inkosi Philip Gomani adachotsedwa paufumu chaka chomwecho chifukwa chokana. Likulu lidali ku Salisbury, phindu la mkuwa wa ku Northern Rhodesia linkathera komweko, ife tinkangopereka manja ogwira ntchito. Pa 3 Malichi 1959 mwazi udakhetsedwa ku Nkhata Bay ndi m'madera ena, ndipo chitaganyacho chidatha kumapeto kwa 1963. Patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Umodzi wochita kukakamiza, wina kudya nyama wina kupatsidwa mafupa, sukhalitsa. Wokhalitsa ndi umene aliyense walowamo ndi mapazi ake.

Umodzi wolowamo ndi mapazi ako udayamba pa 1 Epulo 1980 ku Lusaka, pamene mayiko asanu ndi anayi, Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, adakhazikitsa bungwe la SADCC. Cholinga chidali kuchepetsa kudalira South Africa wa tsankho, amene adagwira njanji, madoko ndi ntchito za chigawo chonse. Adagawana ntchito: Mozambique za mtengatenga, Angola za mphamvu za magetsi ndi mafuta, Zimbabwe za chakudya, Malawi za nsomba, nkhalango ndi nyama zakuthengo. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidali paubale ndi Pretoria kuyambira 1967, anzathu sankakondwera nazo, komabe sadatitsekere kunja. Adadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Pa 17 Ogasiti 1992 ku Windhoek bungwelo lidasanduka SADC, ndipo lero lili ndi mayiko 16, likulu lake ku Gaborone.

Phunziro lenileni la mwambi wathu tidaliphunzira ndi nkhondo ya ku Mozambique, pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, limene lidaleredwa ndi Rhodesia kenako South Africa. Idayamba mu 1977. Ambiri kuno adaiona ngati ya eni ake. Koma nthawi imeneyo pafupifupi katundu wathu yense ankadzera njanji ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala. Pofika 1984 zonse ziwiri zidali zitaima. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi udagwetsedwa mu 1986. Katundu amene ankayenda makilomita osakwana 1,000 kukafika kudoko adayamba kuzungulira mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Malole odutsa ku Tete ankayenda mumdipiti, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza kuchokera pa Nyamapanda kufika pa Zóbuè, ndipo madalaivala ena sadabwerere kwa ana awo. Pa kwacha iliyonse yogulira katundu wakunja, pafupifupi 40 tambala inkathera panjira. Mlimi wa ku Kasungu amene sadamvepo kulira kwa mfuti adailipira nkhondoyo pogula feteleza ndi mchere.

Boma lathu panthawiyo lidafuna kusunga maubwenzi onse awiri, ndipo anansi adayamba kutiloza chala kuti Renamo ikudutsa m'dziko mwathu. Boma linkakana. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adabwera ku Blantyre kudzalankhula ndi Dr Banda maso ndi maso, ndipo Machel adaopseza kuti atseka malire. Mwezi wotsatira, pa 19 Okutobala, Machel adafa pangozi ya ndege ku Mbuzini akuchokera ku msonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia. Mitima idatentha, ndipo nkhondo pakati pa abale idali pafupi. Mapanga awiri avumbwitsa. Chidatipulumutsa n'chakuti mbali zonse zidasankha kukhala pansi. Mu Disembala 1986 mayiko awiriwa adasayinirana pangano la chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi adapita kukalondera njanji ya ku Nacala. Ena a iwo adafera komweko, poteteza njira imene idali ya Mozambique komanso yathu.

Pamene akuluakulu ankakokanakokana, anthu a m'midzi adali atayamba kale kuzima moto. Othawa nkhondo adalowa usiku ndi usana, amayi atabereka ana, mitolo pamutu, mapazi atatupa. Adalowera ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mulanje, Mangochi ndi Mchinji. Pofika 1992 adapitirira 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 adapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Misasa ngati Mankhokwe, Nyamithuthu, Chifunga ndi Luwani idadzaza, koma ochuluka ena sadapite kumisasa n'komwe. Mafumu adawapatsa malo omangapo zisakasa pakati pa nyumba za anthu awo. Mayi amene nkhokwe yake idali yosakwana banja lake adatapa ufa n'kupatsa mlendo mabungwe othandiza asanafike. Ana a alendo adakhala pansi pa mtengo umodzi ndi ana athu kuphunzira a e i o u. Akafa tinkawaika m'manda athu. Ngati pali chinthu chimene dziko lino liyenera kunyadira pamaso pa mayiko, ndi chimenechi, ndipo adachichita ndi anthu amene mayina awo sadalembedwe paliponse.

Sizidali zopepuka. Walira mvula walira matope. Mitengo idatha m'mapiri a m'malire chifukwa cha nkhuni ndi milimo, zitsime zidaphwa, misewu idakumbika ndi malole a chakudya, zipatala zidadzaza mpaka odwala kugona pansi. Mu 1992 chilala chachikulu chidagwa m'chigawo chonse, mwini mudzi ndi mlendo n'kuima pamzere umodzi kudikira chimanga. Madandaulo adalipo, koma midzi sidanyamule zibonga kuthamangitsa alendo. Adapirira nawo mpaka tsiku lidakwana.

Tsikulo lidali 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano wa boma la Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo adasayina pangano la mtendere ku Rome. Adawakhazika pansi ndi a gulu la Sant'Egidio pamodzi ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, ndipo atsogoleri oyandikana nawo, Mugabe ndi Quett Masire wa ku Botswana, adakankhira kumbuyo mpaka zidatheka. Nkhondo imene idapha anthu pafupifupi 1 miliyoni sidathe chifukwa wina wagonjetsa mnzake. Idatha ndi kukambirana. M'zaka zochepa alendo athu adabwerera kwawo, ena atasiya ana okwatiwa kuno, ena atatenga akazi a kuno. Sitima idayambanso kulira pa Nayuchi. Lero njanji yochokera ku Moatize imadutsa m'dziko lathu pa Nkaya kupita ku Nacala. Mtendere wa mnansi udatibwezera njira.

Tsono mbali yachiwiri ya mwambi, yoti mawa adzazima zako, siyochita kuyembekezera. Idachitika kale kangapo. Nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964, a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza ndi ena adapeza pobisala ku Tanzania ndi ku Zambia. Mu 1972 zikwizikwi za a Mboni za Yehova, pothawa kuzunzidwa, zidawolokera ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Mu 1992 ofuna ndale za zipani zambiri adakumana ku Lusaka, ndipo Chakufwa Chihana adabwera kuchokera kunja n'kumangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo. Ufulu umene mukuvotera lero udafungatidwako ndi anansi. Zaka za njala, chimanga chimene chimapulumutsa anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo chimalowera pa Muloza panjinga zakapalasa kuchokera ku Milange. Ena mwa ogulitsawo ndi ana a anthu amene tidawasunga. Kupatsa n'kuika.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ku Soche, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala. Milatho itakokoloka, midzi ina sikadafikika ndi galimoto. Ena mwa oyamba kufika ndi ndege, asilikali ndi chakudya adali a ku Tanzania ndi a ku Zambia. Thandizo la kutali lidabwera, ndipo tidathokoza, koma lakutali limayamba ladzaza mafomu. Mnansi amamva mfuu ndi makutu ake. Namondwe yemweyo adasakazanso ku Zambézia, monga Idai wa mu 2019 adapweteka Beira, Chimanimani ndi chigwa cha Shire nthawi imodzi. Mphepo siima pachipata kudinditsa chiphaso.

Nzeru yoposa kuzima ndi kupangana moto usanabuke. Nkhanga zidapangana kusanapse. Dzombe lofiira limaswana m'madambo a nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, m'zigwa za ku Tanzania, Zambia ndi Mozambique, ndipo kale likauluka linkasiya njala m'mayiko angapo. Mayiko adakhazikitsa bungwe limodzi lolizonda, likulu lake ku Ndola, kuti alithire mankhwala lisanamere mapiko. N'chifukwa chake ambiri a inu simudaonepo dzuwa litaphimbidwa ndi dzombe. Mu Febuluwale 2022 matenda a poliyo adapezeka mwa mwana ku Lilongwe, kenako ku Tete. Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe adatemera ana mamiliyoni ambiri mogwirizana, alangizi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo mbali zonse za malire, ndipo mu 2024 mliriwo udalengezedwa kuti watha. Ntchito zotere sizimveka kwambiri chifukwa tsoka lopewedwa lilibe maliro. Koma mgwirizano weniweni ndi umenewu.

Pali pena pamene taiwala mwambo, ndipo wamkulu akabisa zimenezi ndiye kuti sakukondani. Mu Okutobala 2010 tidatsegulira doko la Nsanje ndi chisangalalo chachikulu, Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo. Maloto ake adali abwino: zombo ziziyenda pa Shire ndi Zambezi mpaka kunyanja yamchere. Koma madzi ambiri a njirayo ali m'dziko la Mozambique, ndipo eni akewo adati kafukufuku asanachitike zombo sizidutsa. Chombo chimene chinkayembekezeka pamwambowo chidagwidwa panjira. Mpaka lero chikhoma cha simenti chija chili pomwepo popanda chombo chokocheza. Safunsa adadya phula. Ngakhale njira ikhale yaifupi bwanji, ikadutsa pamunda wa mnzako umayamba wagogoda kwa mwini munda.

Nkhani ya magetsi nayo ndi yomweyo. Mayiko a chigawo chino adapangana mu 1995 kuti azigulitsana magetsi kudzera pa nthambo zolumikizana. Ife tidakhala zaka zambirimbiri osalumikizidwa, tikudalira mtsinje umodzi wa Shire, pamene damu la Cahora Bassa lili pafupi ku Tete. Zokambirana zinkayamba n'kuima malinga ndi momwe atsogoleri akuonerana. Pangano lotilumikiza ndi Mozambique lidasayinidwanso mu 2013, ndipo ntchito yokoka nthambo kuchokera ku Matambo kufika ku Phombeya m'boma la Balaka idayamba patapitanso zaka. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, tidataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi, popanda kobwereka. Wometa tsitsi, wowotcherera zitsulo ndi mwini chigayo ndiwo adalipira kuchedwa kumeneko. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Mu Malichi 2025 boma lathu lidaletsa katundu wina wakunja pofuna kuteteza alimi ndi ndalama zakunja. Mwezi wotsatira Tanzania idabwezera, n'kutseka zokolola zathu ndi kuopseza njira ya feteleza. Pa Songwe nthochi ndi tomato zidaola, amayi a geni a ku Karonga ndi a ku Kyela akuyang'ana mpamba wawo ukutha. Nduna za mayiko awiriwa zitakumana, nkhani idatha m'masiku ochepa. Kukumana kumeneko kukadayamba, palibe dengu likadaola. Nkhani ya nyanja ndiyo yakhalitsa. Ife timaima pa pangano la 1890 limene lidaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, anzathu amati malire ali pakati pa madzi. Itabukanso mu 2012 chifukwa cha zofufuza mafuta, mayiko awiriwa adachita bwino kuitengera kwa akuluakulu opuma, Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, m'malo motumiza asilikali. Koma zokambirana zidaima osamaliza. Mlandu suola. Tikausiya, adzaupeza ndi adzukulu amene mwina sadzakhala odekha ngati ife. Nthawi yabwino youmaliza ndi ino pamene tikupatsana moni.

Kuzima ndevu za mnzako kumafunanso kulimba mtima, chifukwa nthawi zina mwini wake amakana kuti sakupsa. Apa ndi pamene bungwe lathu la SADC limafooka. Atsogoleri amachitirana manyazi. Bwalo la milandu la SADC, limene lidali ku Windhoek, litagamula mu 2008 mosakomera boma la Zimbabwe pa nkhani ya minda, atsogoleri adaliimitsa mu 2010, ndipo pambuyo pake adalemba malamulo atsopano otsekera munthu wamba khomo lokasuma boma lake. Mu 2023 gulu loyang'anira chisankho cha ku Zimbabwe, lotsogozedwa ndi Nevers Mumba wa ku Zambia, litanena poyera zimene zidaperewera, lidalandira mawu onyoza. Chonsecho wakutsina khutu ndi mnansi. Chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 chitabala ziwawa, anthu mazanamazana adafa, zikwi zidawolokeranso ku Nsanje ndi Chikwawa, ndipo malole a mafuta adaima panjira pamene kuno mafuta adali osowa kale. Chisankho chokayikitsa kwa mnansi chimafika pakhomo pako. Kumuuza zoona nthawi ikadalipo si kulowerera za eni.

Kuchedwa nako kumapha. Zigawenga zidayamba kuukira ku Cabo Delgado mu Okutobala 2017, pa Mocímboa da Praia. Asilikali a SADC adafika mu Julayi 2021, tauni ya Palma itagwa kale, anthu mazana a zikwi atathawa m'midzi yawo, ndipo adachokako mu 2024 nkhondo isanatheretu. Kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo ana athu agwirako ntchito yolemekezeka. Mu 2013, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, adathandiza kugonjetsa gulu la M23. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi adaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo mu Januwale 2025 ena atatu adagwa pa nkhondo ya ku Goma, M23 yomweyo itadzukanso. Mabanja awo ali pakati pathu ndipo tiyenera kuwakumbukira. Imfa zawo zikutiphunzitsa kuti mfuti imangogula nthawi. Ngati nthawiyo siigwiritsidwa ntchito pokambirana za nthaka, miyala yamtengo wapatali, umphawi ndi achinyamata osowa chochita, moto umanyekabe pansi pa phulusa. Ndipo wotumiza mwana wa mwini kunkhondo ayambe wamupezera zida ndi chakudya chokwanira.

Mapangano a pamapepala tili nawo ambiri. Msika wopanda msonkho wa SADC udayamba mu 2008. Tidalonjezana kuti pofika 2018 tidzakhala ndi ndalama imodzi, ndipo sizidachitike. Pangano la COMESA lidayamba kugwira ntchito pa msonkhano wa ku Lilongwe mu Disembala 1994. Koma muyeso wa zonsezi ndi mayi wonyamula zitenje, nsomba zouma kapena soya pa Mchinji, pa Mwanza, pa Dedza ndi pa Songwe. Pali ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono amene katundu wawo sapitirira madola 2,000, koma ambiri saidziwa, ndipo wosadziwa ufulu wake ndiye amapemphedwa ya fanta kapena kudzera njira zachidule kumene achifwamba amamudikira. Chipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene chidatsegulidwa mu Disembala 2022 kuti wapaulendo aziima kamodzi kokha, chikusonyeza kuti zikhoza kutheka. Kachipande ka therere kakoma n'kuyenderana. Mgwirizano umene mayi wa geni saumva m'thumba mwake ukadali m'kabati.

Chomaliza chondiwawa ndi momwe tayambira kuonerana ife eni. Mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa ku South Africa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo mu 2015 boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga ana athu ku Durban. Izi zidachitika m'dziko limene migodi yake idakumbidwa ndi agogo athu a Wenela ndi Teba, limene omenyera ufulu wake adasungidwa ku Lusaka, Morogoro ndi Maputo. Chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Koma tisanaloze chala ku Johannesburg tiyang'ane ku Dowa. Msasa wa Dzaleka, umene udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000, lero uli ndi oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 amene adakhazikika m'matauni adatengedwa mokakamiza kubwezedwa kumeneko, ena atasiya mashopu ndi ana ali pasukulu. Malamulo ayenera kutsatidwa, inde, koma zimene tikufuna kuti mwana wathu achitiridwe ku Cape Town tizichitenso kwa mwana wa mwini ku Lilongwe. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Tsono ndikupempheni, inu amene mwagwira ndodo lero. Atsogoleri, muziyenderana kulibe vuto, ndipo lamulo lililonse lokhudza malire muziyamba mwauza mnansi musanalilengeze pawailesi. Nkhani ya nyanja muimalize. Bwalo limene munthu wamba wa chigawo chino angakadandauleko mulibwezeretse. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, muzifunsa kuti mapangano amene timasayina afika pati, ndi kuti zopereka zathu ku mabungwe amenewa zikubala chiyani. Mafumu a m'malire, pitirizani kukumana ndi anzanu a kutsidya pa nkhani za ng'ombe zobedwa, minda ndi maukwati, pakuti milandu yambiri imathera pa inu isanafike ku likulu. Ogwira ntchito m'zipata, wapaulendo aliyense ndi mlendo wa dziko, mulandireni mwaulemu. Ndipo inu achinyamata, amene mumacheza ndi anzanu a ku Chipata, Tete ndi Mbeya pa lamya za m'manja, musalole wandale aliyense akuuzeni kuti umphawi wanu wabwera ndi mlendo. Wofuna voti yanu mumufunse kuti adzakhala bwanji ndi Mozambique, Zambia ndi Tanzania, chifukwa yankho lake lidzaoneka pa mtengo wa feteleza, pa magetsi a m'nyumba mwanu ndi pa mtendere wa ana anu.